KODI WOLEMBA ZA MASEWERO AMATAYA TIMU YA KOLEJI YAKE?

Loweruka lililonse kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira Novembala, mabwalo a masewero a m'makoleji aakulu a dziko la United States of America amadzaza ndi anthu, ndipo bwalo la University of Michigan, mu mzinda wa Ann Arbor, limalandira anthu oposa 107,000 pa tsiku limodzi. Khamu lonselo limakuwa ndi kuimba pamene anyamata a sukuluyo akulimbana ndi anzawo a sukulu ina. Koma pamwamba pa bwalolo pali chipinda chachitali cha mazenera agalasi m'mene mumakhala anthu olemba nkhani za masewero, ndipo m'menemo mumakhala bata ngati m'chipinda cha mayeso. Masewero asanayambe, pa mabwalo ambiri pamaperekedwa chenjezo lakuti chipindacho ndi malo a ntchito, ndi kuti aliyense wopezeka akuchemerera timu angathe kutulutsidwa.

Pakati pa anthu okhala duu m'chipindamo pamapezeka ena amene adaphunzira pa koleji yomweyo, adagona m'nyumba zake za ophunzira, ndipo pa unyamata wawo adasasa mawu pa bwalo lomwelo. Tsono funso limene lakhala likuvutitsa akonzi a nyuzipepala ndi owerenga a m'dzikomo kwa zaka zoposa 100 ndi ili: kodi munthu wotere amatayadi chikondi cha timu yake yakale tsiku limene walembedwa ntchito, kapena amangochibisa m'kati mwa jekete? Ndipo ngati chikondicho chikhalabe ndi moyo, kodi owerenga angakhulupirire zimene iye walemba? Nkhaniyi ndi ya kutali, koma muzu wake ndi wodziwika kwa munthu aliyense amene adapatsidwapo udindo woweruza pakati pa wakwawo ndi mlendo.

CHIFUKWA CHAKE FUNSOLI NDI LOLEMERA

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'kofunika kuyamba ndi kufotokoza kukula kwa masewero a m'makoleji ku America. Kuno ku Malawi munthu amatsata kalabu ya m'tauni, monga Bullets kapena Wanderers, ndipo timu ya sukulu imaiwalika msanga mwana akangolemba mayeso otsiriza. Ku America zinthu sizili tero. Mpira wawo wooneka ngati dzira, umene amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, udakulira m'makoleji, pakuti mpikisano woyamba udachitika pa 6 Novembala 1869 pakati pa Rutgers ndi Princeton, ndipo bungwe loyang'anira masewerowo, limene lero litchedwa NCAA, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1906. M'zigawo zina monga Alabama ndi Nebraska mulibe timu ya ligi yaikulu ya NFL, kotero kuti timu ya yunivesite ndiyo imasenza ulemu wa chigawo chonse, ndipo ngakhale mlimi amene sadapondeko pa koleji amaiyesa yake.

Olemba nkhani za masewero ambiri amatuluka m'makoleji omwewo, ndipo luso lawo amaliyambira m'nyuzipepala za ophunzira, polemba za timu ya sukulu yawo. Akakula pa ntchito amapatsidwa mphamvu imene olemba nkhani zina alibe. Kuyambira m'chaka cha 1936 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press limafunsa olemba ndi oulutsa nkhani, amene masiku ano ndi oposa 60, kuti sabata ndi sabata aponye voti yondandalika matimu a makoleji, kuyambira yoposa onse kutsika m'munsi. Kwa zaka zambiri timu yokhala pamwamba pa mndandanda umenewu pakutha kwa nyengo ya mpira ndiyo inkatchedwa ngwazi ya dziko lonse. Mphotho ya Heisman nayo, imene yakhala ikuperekedwa kwa wosewera woposa anzake kuyambira 1935, imadalira kwambiri mavoti 870 a anthu a nyuzi. Chotero wolemba amakhala mboni ndiponso woweruza pa mlandu umodzi, ndipo pa chiweruzo chake pamatsamira ndalama zambiri, ntchito za aphunzitsi a matimu ndi tsogolo la anyamata osewera.

MASIKU AKALE

Pa chiyambi padalibe amene ankaona cholakwika pamene munthu mmodzi agwira cholembera ndi mbendera ya sukulu yake m'dzanja limodzi. M'chaka cha 1889 kudasindikizidwa kwa nthawi yoyamba mndandanda wa osewera 11 oposa onse m'dziko, wotchedwa All-America, ntchito imene mbiri imaigwirizanitsa ndi a Caspar Whitney ndi a Walter Camp. Onse 11 adachokera ku sukulu zitatu zokha: asanu ku Princeton, atatu ku Harvard ndi atatu ku Yale. A Camp adali mwana wa Yale, adaisewerera ndi kuiphunzitsa mpira, ndipo adapitiriza kusankha gulu limeneli kufikira chaka cha 1924. N'zoona kuti sukulu zitatuzo zidali zamphamvu m'masiku amenewo, koma pamene mpira udafalikira kuzambwe ndi kummwera, anthu a kumeneko adadandaula kawirikawiri kuti maso a osankha sankapitirira sukulu za kuvuma.

A Camp atamwalira m'chaka cha 1925, ntchito yosankhayo m'magazini ya Collier's idagwera a Grantland Rice, amene ambiri amawayesa tate wa olemba za masewero ku America. Iwo adabadwa mu 1880 m'chigawo cha Tennessee, adaphunzira Chigriki ndi Chilatini pa Vanderbilt University, kumene adaseweranso mpira ndi baseball, ndipo adatsiriza maphunziro mu 1901. Chodabwitsa n'chakuti nkhani yawo yotchuka koposa idatamanda sukulu ya eni. Pa 18 Okutobala 1924, Notre Dame itagonjetsa timu ya asilikali ya Army ndi zigoli 13 kwa 7 mu mzinda wa New York, a Rice adafanizira osewera anayi a Notre Dame ndi apakavalo anayi a m'buku la Chivumbulutso. Wophunzira wina wa sukuluyo, George Strickler, amene ntchito yake idali yobukitsa timu ya mphunzitsi Knute Rockne, adakweza anyamata anayiwo pa akavalo nawajambulitsa, ndipo chithunzicho chidafalikira m'nyuzipepala za dziko lonse. Pambuyo pake a Strickler adadzakhala wolemba za masewero pa Chicago Tribune.

Pa nyuzipepala yomweyo, mkonzi wa masewero kuyambira 1930 kufikira imfa yawo mu 1955 adali a Arch Ward, amenenso adaphunzira pa Notre Dame ndi kugwira ntchito yobukitsa timu ya a Rockne. Iwo sankabisa kuti amaikonda sukuluyo, ndipo ankakonzanso okha mipikisano imene nyuzipepala yawo inkalemba, monga mpikisano wa akatswiri a baseball umene adauyambitsa mu 1933. Mu mbadwo umenewo wolemba ankayesedwa bwenzi ndi mthandizi wa masewero. Ankayenda m'sitima imodzi ndi timu, ankadya nayo, ndipo zoipa zambiri zimene ankaona ankazisunga mumtima. A Fred Russell, amenenso adaphunzira pa Vanderbilt, adalemba mu Nashville Banner kuyambira 1929 kufikira nyuzipepalayo idatsekedwa mu 1998, mu mzinda womwewo muli sukulu yawo. Maina awo awiri, la a Russell ndi la a Rice, adaikidwa pa thumba la ndalama limene Vanderbilt imaphunzitsira ana ofuna ntchito yolemba za masewero.

LAMULO LA BATA

Kusintha kudayamba ndi akonzi amene adatopa ndi matamando. A Stanley Woodward, mkonzi wa masewero pa New York Herald Tribune, ankalangiza olemba awo kuti aleke kusandutsa osewera milungu. Mmodzi wa anthu amene adawalemba ntchito, m'chaka cha 1945, adali a Red Smith, amene adatsiriza maphunziro pa Notre Dame mu 1927, koma adatchuka chifukwa cha kulemba mosamala ndi modziletsa, kufikira adalandira mphotho ya Pulitzer mu 1976. M'chaka cha 1974 a Jerome Holtzman a ku Chicago adasindikiza buku la zokambirana zawo ndi olemba achikulire 18, ndipo mutu wa bukulo, No Cheering in the Press Box, ndiwo lamulo lomwe lija loletsa kuchemerera m'chipinda cha atolankhani. Pofika zaka zimenezo nyuzipepala zazikulu zidali zitayamba kudzilipirira zokha maulendo a olemba awo ndi kukana mphatso za matimu.

Olemba ambiri amene adakulira pansi pa lamulo limeneli amanena kuti silivuta kulisunga monga anthu akunja amaganizira, pakuti ntchito yokhayo imazimitsa moto wa wochemerera pang'onopang'ono. Zifukwa zake ndi zomveka. Choyamba ndi nthawi. Mpira ukatha usiku, wolemba amakhala ndi mphindi zowerengeka kuti atumize nkhani kwa mkonzi, kotero kuti chigoli cha pamapeto, chimene chimasangalatsa khamu, kwa iye chimatanthauza kung'amba zonse zimene adalemba ndi kuyambanso. Munthu wotere amafika polakalaka mpira wotha msanga ndi wobala nkhani yokoma, osasamala kwambiri za wopambana. Chachiwiri ndi kuona za kuseri. Wochemerera amaona malaya a timu ali patali, pamene wolemba amalankhula ndi osewera maso ndi maso, nadziwa kuti m'timu ya kwawo mulinso amwano ndi onama, ndi kuti m'timu ya adani muli anyamata aulemu amene amamuyankha bwino ngakhale agonja. Chachitatu ndi kusamuka. Wophunzira pa sukulu ya kuvuma angapeze ntchito kuzambwe, natha zaka 20 akulemba za timu imene pa ubwana wake sankaidziwa, mpaka maina a osewera a sukulu yake yakale asanduka achilendo kwa iye.

Komabe akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Ambiri mwa olemba omwewo amavomera kuti tsiku limene sali pa ntchito amakhala pa mpando kunyumba naonera timu ya sukulu yawo mtima uli m'malere. Lamulo la bata limamanga pakamwa ndi manja okha, pakuti za mumtima palibe mkonzi amene angazilamule.

KHOSWE PA MKHATE

Muyeso weniweni umafika tsiku limene sukulu ya wolembayo yalakwa. Mwambi umati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, pakuti womenya amaopa kuswa mbiya yake yomwe. Koma mbiri ya nyuzi ku America ili ndi anthu amene adamenya ndithu.

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti 2009 nyuzipepala ya Detroit Free Press idasindikiza nkhani ya a Michael Rosenberg ndi a Mark Snyder yonena kuti timu ya mpira ya Michigan, pansi pa mphunzitsi Rich Rodriguez, inkasunga anyamata pa zokonzekera masewero kupitirira malire a NCAA, amene pa nyengo ya mpira ndi maola 20 pa sabata. Malire amenewa adaikidwa kuti wosewera, amene ndi mwana wa sukulu, apeze nthawi ya mabuku. A Rosenberg adaphunzira pa Michigan pomwepo ndipo adalembapo m'nyuzipepala ya ophunzira a sukuluyo. Otsatira timu adawakwiyira kwambiri, ndipo ena adati nkhaniyo idakuza zinthu mopitirira chifukwa cha kusakonda mphunzitsiyo. M'chaka cha 2010 yunivesiteyo idavomera kuti malamulo ena adaswedwa, ndipo NCAA idaipatsa chilango cha kuyang'aniridwa zaka zitatu, ngakhale kuti zolakwa zimene zidatsimikizika zidali zocheperapo poyerekeza ndi zimene nkhani yoyamba idachititsa anthu kuganiza. Pamenepa paoneka msampha wa mbali ziwiri: mwana wa sukulu akaiteteza amatchedwa wokondera, ndipo akaidzudzula amatchedwa wanjiru.

Cholemera koposa chidachitika ku Pennsylvania. Mayi Sara Ganim adatsiriza maphunziro pa Penn State mu 2008, ndipo ntchito yawo pa nyuzipepala ya Patriot-News ya ku Harrisburg idali yolemba za milandu. M'mwezi wa Malichi 2011 iwo adali oyamba kulengeza kuti a Jerry Sandusky, amene kwa zaka zambiri adali wothandiza mphunzitsi wamkulu wa timu ya Penn State, ankafufuzidwa pa mlandu wochita zonyansa kwa ana aamuna. Mu Novembala chaka chomwecho a Sandusky adamangidwa, ndipo mphunzitsi wamkulu, a Joe Paterno, amene adatsogolera timuyo kuyambira 1966, adachotsedwa ntchito. Usiku umenewo ophunzira ena adachita chipolowe nagubuduza galimoto ya atolankhani a wailesi yakanema. Mu 2012 bwalo la milandu lidapeza a Sandusky olakwa pa milandu 45, ndipo chaka chomwecho Mayi Ganim adalandira mphotho ya Pulitzer ali ndi zaka 24. N'koyenera kusinkhasinkha kuti nkhaniyi idatulutsidwa ndi wolemba za milandu, pamene olemba za masewero, amene ankalowa pa bwalo la timuyo sabata ndi sabata, sadaitulutse.

MKWIYO WA OWERENGA

Pali chinanso chimene chimaiwalika pa mkangano umenewu, ndicho chakuti nthawi zambiri wokakamiza wolemba kukondera ndi wowerenga yemwe. M'chaka cha 1985 Lexington Herald-Leader idaulula kuti osewera basiketibolo a University of Kentucky ankalandira ndalama mobisa kuchokera kwa anthu achuma okonda timu, chinthu chimene malamulo a nthawi imeneyo ankaletsa. Owerenga mazana angapo adaleka kugula nyuzipepalayo, ndipo wina adaopseza kuti aphulitsa bomba pa ofesi yake. Olemba nkhaniyo, a Jeffrey Marx ndi a Michael York, adalandira mphotho ya Pulitzer mu 1986.

M'mwezi wa Malichi 1999 a George Dohrmann, amene adaphunzira pa Notre Dame, adalemba mu St. Paul Pioneer Press kuti mayi wina wogwira ntchito mu ofesi pa University of Minnesota adalembera osewera basiketibolo ntchito za m'kalasi zoposa 400. Nkhaniyo idatuluka kutatsala tsiku limodzi kuti timuyo iyambe mpikisano waukulu wa dziko lonse. Osewera anayi adaimitsidwa, ndipo timuyo idagonja kwa Gonzaga. Bwanamkubwa wa chigawocho, a Jesse Ventura, adadzudzula nyuzipepalayo chifukwa cha tsiku limene idasankha. Kafukufuku adatsimikiza kuti chinyengocho chidalipodi, mphunzitsi wa timu adachoka pa ntchito, ndipo a Dohrmann adalandira Pulitzer mu 2000. Mphunzitsi aliyense wa m'kalasi angaone msanga chimene chidali pangozi apa, pakuti anyamata ankakwera makalasi ndi mayankho a munthu wina, ndipo khamu la pa bwalo linkafuna kuti nkhaniyo idikire mpira uthe.

Mkwiyo umenewu umagweranso wolemba amene waonetsa chikondi cha sukulu yake pa malo a eni. Mu Ogasiti 2010 mtolankhani wina wamkazi wa pa wailesi ya ku Arkansas adafika pa msonkhano wa mphunzitsi Bobby Petrino atavala chipewa cha timu ya Florida, sukulu imene iye adaphunzirako, imenenso idagonjetsa Arkansas chaka chapitacho. Mphunzitsiyo adayankha funso lake, nanena kuti sadzayankhanso lina chipewacho chili kumutu, ndipo patangopita masiku ochepa mayiyo adachotsedwa ntchito. Wailesiyo idali yodziwika kuti imakometsa timu ya Arkansas, kotero kuti ambiri adafunsa ngati akadachotsedwanso akadavala chipewa cha Arkansas. Chaka chotsatira a Kirk Herbstreit, amene adali mmodzi wa atsogoleri a timu ya Ohio State asanakhale wofotokoza mpira pa wailesi yakanema ya ESPN, adasamutsa banja lawo kuchoka ku Columbus kupita ku Nashville, nanena kuti adatopa ndi kagulu ka otsatira sukulu yawo yomwe amene ankawanyoza chifukwa chosaikometsa nthawi zonse.

AMENE SABISA MBENDERA YAWO

Pali gulu lina la olemba limene limati kubisa chikondi ndi chinyengo choposa kuchionetsa. A Bill Simmons, amene adaphunzira pa College of the Holy Cross, adatchuka pa intaneti ndi pa ESPN kuyambira 2001 polemba poyera monga wochemerera matimu a ku Boston, ndipo mu 2011 adayambitsa tsamba la nkhani limene adalitcha Grantland pokumbukira a Rice. Tsambalo lidatsekedwa mu 2015. Maganizo a gulu limeneli ndi akuti wowerenga akadziwa kumene wolemba waima, amapeta yekha nkhaniyo nataya mankhusu, pamene wolemba wodziyesa wosakondera amalowetsa tsankho lake mosaonekera.

Sukulu imene imaonetsa bwino mphamvu ndi malire a maganizo amenewa ndi Northwestern University, pafupi ndi Chicago, imene ili ndi sukulu yotchuka ya utolankhani ya Medill ndipo yatulutsa olemba za masewero ambiri. A Michael Wilbon, amene adalemba zaka zambiri mu Washington Post, ndi Mayi Christine Brennan a USA Today, onse adatsiriza kumeneko mu 1980, ndipo onse adasankhidwa kukhala m'bungwe loyang'anira yunivesiteyo. M'chaka cha 2017 timu yake ya basiketibolo idalowa kwa nthawi yoyamba mu mpikisano waukulu wa NCAA, umene udayamba mu 1939, ndipo idagonjetsa Vanderbilt, sukulu ya a Rice, ndi 68 kwa 66. Atolankhani ambiri ophunzira kumeneko adakondwera poyera, ena atavala malaya a sukuluyo, ndipo anthu ambiri sadaonepo vuto, pakuti timu yozolowera kugonja ikapambana kamodzi aliyense amakondwera nayo.

Patapita zaka 6 chisangalalocho chidasanduka mayeso. Mu Julaye 2023 yunivesiteyo idaimitsa mphunzitsi wa mpira, a Pat Fitzgerald, kwa masabata awiri okha, kafukufuku atapeza kuti osewera ena ankazunza anzawo. Amene adaulula tsatanetsatane wa nkhanzazo adali ophunzira olemba mu Daily Northwestern, ndipo patangopita masiku awiri nkhani yawo itatuluka mphunzitsiyo adachotsedwa ntchito. A Fitzgerald adakana kuti ankadziwa za nkhanzazo, ndipo mlandu umene adasumira sukuluyo udathera pa mgwirizano mu 2025. Pa nthawi imeneyo anthu ena adafunsa za atolankhani akuluakulu a sukuluyo, makamaka okhala m'bungwe loyang'anira, pakuti n'kovuta kuti munthu afunse mafunso olimba kwa bungwe limene iye mwini ali membala wake. Mapanga awiri avumbwitsa. Apa m'pamene pali malire oonekera, chifukwa wokondwera ndi chigoli cha sukulu yake yakale alibe ngongole kwa wina aliyense, pamene wolandira mpando kapena malipiro kwa sukuluyo wadzipezera bwana wachiwiri.

MIPANDA YOTETEZA NTCHITO

Popeza mtima sungaunikidwe, akonzi adamanga mipanda yoteteza ntchito. Nyuzipepala zina zazikulu, monga New York Times, zimaletsa olemba awo kuponya voti pa mindandanda ndi mphotho, ponena kuti mtolankhani sayenera kupanga nkhani imene iye mwini adzailembe. Associated Press imasindikiza voti ya munthu aliyense pamodzi ndi dzina lake, kotero kuti wokweza sukulu yake popanda chifukwa amaonekera poyera. M'chaka cha 2004 mphunzitsi wa Texas, a Mack Brown, adapempha poyera oponya voti kuti akweze timu yawo, ndipo Texas idadumpha California nipita ku mpikisano wolemera wa Rose Bowl. Mu Disembala chaka chomwecho Associated Press idaletsa kuti mndandanda wake ugwiritsidwenso ntchito posankha matimu opikisana pa ukatswiri wa dziko. Kuyambira 2014 ntchito yosankhayo ili m'manja mwa komiti, ndipo membala amene amalandira malipiro ku yunivesite ina saloledwa kuponya voti yokhudza timu ya yunivesiteyo.

YANKHO LA FUNSO

Poona zonsezi, yankho la funso lija ndi lakuti olemba ambiri amakhalabe ndi chikondi cha sukulu yawo, ngakhale chimachepa mphamvu ndi zaka za ntchito, ndipo ena amachitaya kotheratu. Chimene chimasiyanitsa wolemba wokhulupirika ndi wosakhulupirika chimaoneka pa pepala: ngati amafunsa mphunzitsi wa sukulu yake funso lomwelo limene akadafunsa wa sukulu ina, ngati amasindikiza nkhani yoipa pa tsiku limene yatsimikizika osadikira kuti mpikisano uthe, ndiponso ngati amauza mkonzi ndi owerenga za ubale wake iwo asanaupeze okha. Palinso ngozi ya mbali inayo, pamene wolemba amakhwimitsa dzanja pa sukulu yake pofuna kuonetsa kuti sakondera. Kumeneko nakonso ndi kupotoza muyeso.

Wogwira ntchito ya Boma ndi mphunzitsi sadzaona chachilendo m'nkhaniyi. Mphunzitsi woitanidwa kukachonga mayeso, woyendera sukulu amene watumidwa ku sukulu imene idamulera, kalaliki amene wapeza dzina la mnzake wa m'kalasi pakati pa makalata ofunsira ntchito, onsewa amakhala m'chipinda cha mazenera agalasi chomwe chija. Palibe amene amawapempha kuti aiwale kumene adachokera, ndipo munthu woiwala sukulu imene idamuphunzitsa kuwerenga sangayamikidwe. Chofunika kwa iwo ndi kuulula ubalewo kwa mkulu wa ntchito, kupatuka pamene n'kotheka, ndi kuyeza onse ndi muyeso umodzi pamene kupatuka n'kosatheka.

Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. M'chaka cha 2012 lipoti la a Louis Freeh, amene yunivesite ya Penn State idawapempha kuti afufuze mlandu uja, lidati akuluakulu ena a sukuluyo adabisa zimene adamva poopa kuipitsa dzina lake. Banja la a Paterno lidatsutsa lipotilo, koma mu 2017 akuluakulu atatu akale a yunivesiteyo, kuphatikizapo amene adali mtsogoleri wake, adapezeka olakwa pa mlandu wolephera kuteteza ana. Sukulu imodzi yomweyo idali ndi anthu amene adakhala chete ndi mwana wake wamkazi amene adalemba zimene adapeza, ndipo makolo a ana ovulazidwa aja sangavutike kunena amene adaitumikira bwino pa awiriwa.